Hafukoloni ya pamchombo

Kwathu ku Kawale tinali ndi ndalama imodzi yomwe sinkagula kanthu. Inali hafukoloni ya siliva ya nthawi ya atsamunda, yolemera bwino m'manja, nkhope ya mfumu ya ku Mangalande itafufutika mpaka kutsala mphuno yokha. Ntchito yake inali imodzi. Mwana akabadwa mchombo n'kutuluka, amayi ankaikulunga m'kansalu n'kumumangirira pamimba mpaka mchombowo ulowe. Anamwino a kusikelo ankakalipa kuti mchombo umalowa wokha, koma amayi sankamva zimenezo. Ine ndinaivala, azing'ono anga anaivala, ana anga awiri anaivalanso. Amayi atamwalira inatsala kwa ine, m'kachitini ka mafuta odzola, pansi pa sutikesi.

Ndiye m'zaka za m'ma 2000 kunabuka mphekesera yoti zinthu zakale zili ndi msika. Anyamata ankazungulira m'makomo kufunsa makobiri obowola ndi nsimbi zamakala. Mlongo wanga, mnyamata wotsiriza kubadwa, amene ankakhala kwanga akusaka ntchito, anaitenga hafukoloni ija osandiuza. Ndinangopeza m'chitini mwatsala kansalu kokha.

Nditamupanikiza anaulula, wopanda ndi manyazi omwe. Akuti anapita nayo kwa bambo wina wa ku Mangochi wosula mphete mumsika wa Chilinde kuti akamve mtengo. Bamboyo anaigwetsa pasimenti kuti amve kulira kwake, n'kunena kuti siliva ndi weniweni koma zoterezi zilipo mbwee, yofufutika chonchi palibe angaigule, yangoyenera kusungunula basi. Mlongo wangayo, mutu wake wopanda nzeruwo, anati chabwino, mundisulire mphete ya chitomero.

Ndinapita ku Chilinde mtima ukuwira, mawu otukwana nditawakonza kale m'minibasi. Bambo uja anandipatsa mpando, nandiuza mofatsa kuti iye anafunsa ngati ndalamayo ili ndi mwini, mnyamatayo n'kuyankha kuti ndi yake. Anandionetsa kambiya kosungunulira, kakuda bii. Ndinasowa pom'gwira, ndinangodzuka n'kumapita. Koma mawu oti zilipo mbwee amandiwawa mpaka lero. Zilipo mbwee kuti? Ina iti inagonapo pamimba pa ife tonse?

Mlongo wanga anandichonderera kuti ndisamuuze mkazi amene anamutomerayo, poopa kuti chibwenzi chitha. Ine kupusa, ndinavomera. Ukwati unachitika, ndinaphika nawo, ndinavina nawo mano ali gwa.

Chaka chotsatira mlamu wangayo anabereka mwana wamwamuna. Tsiku lina m'mawa ndikuchapa, ndinangomuona akulowa pageti, khanda kumbuyo, kuchokera ku Area 23 komwe ankachita lendi. Anamumasula mwanayo n'kundionetsa kamchombo katatuluka ngati nsonga ya chala. Azakhali athu ndiwo anamuuza kuti mankhwala ake ali kwa ine.

"Alamu, ndabwera kuti mundibwereke ndalama ija ya amayi," anatero.

Anagwada mwaulemu wake wonse, n'kutambasula manja awiri kuti alandire, mphete ija ikuwala pachala. Ndinaiyang'ana, ndinayang'ana mwanayo. Ndinamuuza kuti ndalamayo inasowa.

Anabereka mwana wake kumbuyo n'kumapita, ndi tiyi yemwe anakana. Mpaka lero kubanja kwathu amati ndine ndinataya ndalama ya amayi, ndipo mlongo wanga akamva amangoweramitsa mutu, osatsutsa.