Kuseri kwa Tsamba 62

Anzanga, ndine Yankho wa Form 3, uja amakhala yekha kumbuyo kwa kalasi. Amati ndimaona zonse. Lero ndikuuzeni zomwe sindinaone.

Zuleka ndinakumana naye pa siteshoni ya Chipoka, anthu akukanganabe za zipani ngati kuti mavoti a chaka chatha sanawerengedwe. Ankagulitsa mandasi akaweruka kusukulu, azakhali ake ali pambali ngati mlonda. Anandikulungira awiri m'pepala lotayipa, lokhala ndi timizere topindikapindika ngati podutsa nyongolotsi. Pamwamba analembapo Quantum Electrodynamics, tsamba 14.

Mandasi ndinadya, pepala ndinasunga. Mawa lake ndinabweranso.

"Iwe ukufuna mandasi kapena pepala?"

"Zonse."

"Bodza. Mandasiwo sukuwayang'ana n'komwe, Pulofesa."

Mapepalawo anali a malume ake, omwe anakaphunzira fizikisi ku yunivesite kunja n'kumwalira atangobwerako. Anasiya katoni yodzaza. Kuyambira tsikulo ena onse ankawakulungira m'nyuzipepala, ine ndekha m'masamba a malumewo.

Ndikangofika kunyumba ndinkapaka phala la chinangwa mu hardcover n'kuwamata pomwepo, kuopa kuti mayi angayatsire moto. Nditawaonetsa a Mapopa, aphunzitsi athu a Physical Science, anakanda mutu nati zambiri ngakhale iwo sanazifike. Koma mutu wa radiative corrections anayesetsa kundifotokozera. Akuti electron ikamayenda imatulutsa kakuwala kochepa n'kukamezanso, ndiye yankho loyamba la samu limayandikira choonadi koma silikwana. Umayenera kubwerera, kukawerengera tinthu tating'ono tomwe unatisiya.

"Izi n'za a digiri yachiwiri, mwanawe. Khoza kaye MSCE."

Loweruka azakhali akamutuma mafuta ophikira, Zuleka ankadzera kunjanji, ine ndikudikira pa kalavati. Ankayenda pamwamba pa chitsulo, dzanja paphewa langa kuti asagwe. Ine pakamwa ma electron okhaokha. Ankaseka, n'kumati sanaonepo mnyamata wamanyazi chonchi, wosayankha zomwe wafunsidwa. Ndinkangosekanso, osadziwa kuti ndafunsidwa chiyani...

Lachitatu lina mu October anandipatsa tsamba 62. Sanaseke. Azakhali anali pomwepo, maso ali pa ife.

"Ili uliwerenge lero lomwe," anatero motsitsa mawu.

Ndinaliwerenga katatu, n'kulimata bwinobwino ngati anzake.

Loweruka pa kalavati sanabwere. Lolemba ndinapeza azakhali okha pa beseni.

"Wapita kwa bambo ake ku Mangochi. Mandasi angati?"

Panapita masabata awiri. Ndili m'kalasi pafupi ndi windo, ndinakweza tsamba lija, dzuwa lili kuseri kwake. Pamene panadontha mafuta a mandasi pepala linkaonekera, ndipo ndinaona zilembo za bolopeni zitayang'ana chammbuyo.

Anzanga, ndinamatula buku lonse ndi lezala.

Kuseri kwa tsamba 23: "Malaya ako akusowa batani."

Kuseri kwa 31: "Umakonda ine kapena malume anga?"

Kuseri kwa 62: "Akunditenga Lachisanu pa basi ya m'mawa. Akuti sukulu yakwana, kuli mwamuna. Ine ndikukana. Ukabwera pa depoti ndidziwa kuti sindili ndekha."

Miyezi inayi mtsikana akundilankhula, ine ndikupaka mawu ake phala! Lachisanu limenelo iye akuyang'ana pa windo la basi, ine ndinali m'kalasi kulemba test ya Physical Science. Ndinapeza 91.

Sindinalire nthawi yaitali. Ndinapita kwa a Mapopa ndi tsambalo. Anawerenga, navula magalasi, nati alankhula ndi mayi Gladys, ahedi a kusukulu kwa Zuleka, kuti dzina lake lisafufutidwe mu register. Kalata yopita kwa Zuleka ndatumiza kale kudzera kwa a Salimu, oyendetsa lole ya nsomba yopita ku Mangochi, omwe amawadziwa bambo akewo. Funso la tsamba 31 ndaliyankha mu mzere woyamba, popanda electron ngakhale imodzi.

Kaya andikhululukira, kaya ayi. Sukulu ikangotsekera ndikwera lole yomweyo. Ku yunivesite ndidzafika, mutu wa m'mapepala a malume akewo ndidzaumaliza, koma choyamba Mangochi.

Zuleka anandikhulupirira kuti ndine munthu woona. Anzanga, wina akakupatsani pepala m'manja, musanalimate, litembenuzeni.