A Liao ndi paketi yobiriwira

A Liao Chin-fa anayamba ndi kukonza mawailesi, kenako makanema, kenako makompyuta. M'tauni yonse ya Lukang ankadziwika ndi khalidwe limodzi: sankapereka kompyuta yatsopano kwa mwini wake asanakopere zonse za m'kati mwake pa disiki ina. Ankati makina amakhala bwino tsiku limodzi lokha, tsiku limene wamaliza kuwakonza, mawa lake anthu ayamba kuwawononga. Ena ankawatcha ouma mutu. Iwo sankakana.

A Liao anagwirira ntchito kachisi wa kumsika zaka makumi awiri. Chaka Chatsopano chikamayandikira, anthu amadzalembetsa mayina kuti awayatsire tinyali ta madalitso, ndipo timapepala ta mayinawo amasindikiza ndi kompyuta. Chaka china akachisi anagula yatsopano. A Liao anatha masiku atatu akuikonza, chifukwa mayina ena ali ndi zilembo zakale zimene makina sazidziwa. Ankazijambula okha chimodzichimodzi, mpaka mazana awiri.

Tsiku lachitatu masana, atangoyamba kukopera, analowa a Tseng, tcheyamani watsopano wa kachisi. Ananyamula paketi yobiriwira ya zokazinga zachimanga n'kuisanjika pa kompyutayo, monga amachitira aliyense kumeneko, pokhulupirira kuti ikakhalapo makina savuta.

"Basi madala, yatetezeka," anatero a Tseng. "Zulani chingwe chanucho. Mzere wafika kumsewu."

"Mphindi makumi anayi, bwana tcheyamani."

"Makumi anayi! Mukuphika nyemba kodi? Makina ndi atsopano, paketi ndi iyi, ndiponso muno ndi m'nyumba ya milungu."

"Milungu imakondwa ndi lubani, kompyuta imatsamwa naye. Nanga paketi yanuyi imatha kujambula dzina la agogo anu?"

Amayi a pamzere anaseka. A Tseng anapsa mtima.

"Mukapanda kuzula pompano, muno musadzapondemonso. Okonza makompyuta achuluka ngati njinga zamoto."

A Liao anaona kuti munthuyo sakucheza, ndipo ntchito ina yodalirika analibe. Komabe anakoka mpando, nakhala pakati pa a Tseng ndi chingwecho, manja atapinda.

"Ndichoka ikatha."

Itatha, analemba tsiku pa disikiyo n'kuipereka kwa mayi Kuo, mlembi wa kachisi. "Muibise kutali ndi utsi, mayi, osati pamodzi ndi makinawa." Anatenga chikwama chawo natuluka osatsanzika.

Kutatsala masiku awiri kuti chaka chithe, kompyuta ija inasokonekera. Sanali lubani ayi, pamenepo a Liao anaphonya. A Tseng eni ake ndi amene anatsegula uthenga wa pa intaneti wolonjeza mphatso. Wokonza wina atabwera anati ayambira pachiyambi, ndipo zilembo zija yekha sangazithe sabata isanathe.

Mayi Kuo anaimba foni. A Liao anangoti, "Andiitane amene anandithamangitsa."

A Tseng anafika kushopu ya a Liao pa njinga yamoto, chipewa chili m'manja. "Achimwene, tiyeni. Anthu andidya wamoyo."

"Paketi ija yatani?"

"Aa, musandinyoze pamsewu. Kwerani."

Atafika kukachisi, a Liao anabwezeretsa zonse kuchokera pa disiki ija tiyi wa mayi Kuo asanazizire, zilembo mazana awiri zija zili momwemo. Koma a Liao sanabise kanthu. "Mayina a sabata ino apita. Disikiyi ikudziwa za tsiku limene ndinaikopera basi. Muwalembenso kuchokera m'mapepala anu, ndipo kuyambira lero muzikopera mayina tsiku lililonse musanatseke."

Kenako anatambasula dzanja, natenga paketi yobiriwira ija n'kuing'amba.

"Musadye imeneyo!" anakuwa a Tseng. "Makina avutanso!"

"Akavuta mukudziwa kumene ndimakhala," anatero a Liao, uku akutafuna. "Yafewanso iyi. Mugule ina."