Lendi ya Mawu a Mikaili

Ogwira ntchito ku Makata ambiri amamudziwa Sabiha, ngakhale dzina lake salidziwa. Amangoti mayi wa samusa, uja amakhala pafupi ndi geti la fakitale ndi ndowa yoyera yovundikira bwino. Anabadwira ku Limbe, mwana wa telala wa pakhonde, ndipo palibe kanjira ka m'tauniyi kamene sanapondeko. Komabe ndi munthu wamantha, ndipo sabisa. Amaopa mvula yamphepo chifukwa amakhala ku Chilobwe m'munsi mwa phiri, amaopa anyamata a padepoti, amaopa eni nyumba. Koma mantha amene anamuondetsa mpaka anzake kumufunsa ngati akudwala anali a kanthu kokwana m'dzanja.

Mwamuna wake, a Mikaili, ankayendetsa thiraki ya kampani ina ya ku Makata komweko, ulendo wa ku Beira. Kulemba uthenga pafoni kunkawatopetsa, zala zawo zinali zikuluzikulu, choncho ankangojambula mawu n'kutumiza. Akaima pamzere kuchipata cha Mwanza ankajambula. Akafika ku Tete ankajambula kudandaula kutentha. Ankajambulanso mavidiyo a msewu, mbuzi zikudutsa, milatho, mathiraki anzawo, ngati kuti kunyumba kuno anthu sanaonepo phula. Ndipo panali kanyimbo kena kopanda mutu kamene anapekera mwana wawo wamkazi, Esha, koti azigonera. Sabiha ankanyinyirika kuti bamboyu akumuthera bandulo ndi zopanda pake. Ndi mmene tilili anthufe, chitsime timachidziwa kuya chikaphwa.

Foni yake yaikulu inapita tsiku lina padepoti ya ku Limbe. Anali atakhala kale m'minibasi, dzanja linangolowa pawindo, ndipo pomwe ankati akuwe, mwini dzanjayo anali atasowa m'chigulu cha anthu. Mauthenga onse anapita nayo. Sabiha anagula kafoni ka mabatani n'kuiwala, pakuti mwini mawuwo anali moyo ndipo ankabwera kunyumba kudzalongolola pamaso.

Chaka chotsatira a Mikaili anadwala mwadzidzidzi panjira, ndipo sanafike kuchipatala. Thupi litangofika anakaika tsiku lomwelo monga mwa Chisilamu, amuna okhaokha kumanda, amayi n'kutsala pakhomo. Chimene Sabiha analandira m'manja chinali jumbo yakuda, momwe munali wotchi, kofiya ndi foni ya malemuwo.

Anayamba eda, nthawi ija imene mkazi wamasiye amakhala pakhomo miyezi inayi ndi masiku angapo osayendayenda. Akuluakulu a kuchimuna anaika katundu wa malemu m'sutikesi n'kumuuza kuti asunge kuchipinda mpaka arubaini, sadaka ya pakutha pa masiku makumi anayi, pomwe adzagawane. Pasachoke ngakhale kampango, anatero. Ndipo a Alidi, mng'ono wawo wa a Mikaili, amene amayendetsa minibasi ya Limbe ndi Blantyre, ananeneratu pamaso pa onse kuti foniyo idzakhala yawo. Adzapita nayo kwa anyamata okonza mafoni akaifufute yonse, iyambirenso ngati yatsopano.

Masana ena, odzapepesa atachepa, Sabiha anatseka chitseko n'kutsegula sutikesi ija. Ankadziwa kuti akulakwa. Anatchaja foniyo, nadina dzina lake lomwe, ndipo zonse zimene mbava ija inamulanda zinali mommo, kuyambira kale. Atadina uthenga umodzi, chipinda chinadzaza ndi a Mikaili. Esha, amene anali atangoyamba kulumikiza mawu, anasiya chidole chake n'kuyang'ana kuchitseko.

"Ababa," anatero mwanayo.

Kuyambira pamenepo Sabiha sanapezenso mtendere. Mwanayu adzakula, nkhope ya bambo ake adzaiona pachithunzi cha ukwati, koma mawu adzawamva kuti? Dzuwa lililonse likamalowa ankaona kuti arubaini yasendera. Kupempha a Alidi sakanatha, chifukwa kunali kuulula kuti watsegula sutikesi. Kutuluka kukafunsa odziwa za mafoni sakanathanso. Anagwira njakata.

Amene anamuululira ndi Fiza, mnzake woyandikana naye nyumba, wogulitsa m'shopu ya nsalu ya mayi Jayshree ku Limbe. Sabiha anamupempha kuti akagule kakhadi kosungira zinthu.

"Achemwali, timakhadi ta mumsewu timeneto musatikhulupirire," anatero Fiza. "Zithunzi zanga za chinkhoswe zinathera momwemo. Lero zilimo, mawa kakuti mulibe kanthu. Ndiye n'kanthu kochepa ngati chikhadabo, mudzakasesera kunja."

"Nanga nditani?"

"Tizikweze pa intaneti. Kuli malo osungirako zinthu, amati kilaudi. Foni itabedwa kapena kufufutidwa, zanu zimakhala zili komweko. Amapatsa kamalo kaulere, koma alamu anajambula zambiri, mavidiyo okhaokha. Pafunika kulipira malo owonjezera, mwezi ndi mwezi."

"Mwezi ndi mwezi? Ndiye kuti ndi lendi?"

"Tingotero."

Mawu akuti lendi anamulasa Sabiha pachilonda. Ali mtsikana anaonapo mwini nyumba akutulutsa katundu wa makolo ake kunja kukugwa mvula, makina osokera a bambo ake ali pamatope.

"Ndikadzalephera mwezi wina, adzawataya kunja?"

"Akuti sataya msanga, amayamba achenjeza."

"Akuti ndani? Mwini malowo mumamudziwa? Amakhala kuti, kuti munthu ukam'gwadire?"

Fiza anangoseka pang'ono. Sabiha anakumbuka mawu a akulu akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Apa ankauzidwa kuti apereke mwamuna wake kwa mphepo yeniyeniyo, kwa anthu opanda nkhope, n'kumawalipiranso. Koma fodya wa pamphunoyo analinso ndi mwini wake amene ankabwera kudzam'tenga.

Anaganiza masiku awiri, kenako anavomera. Vuto linali lakuti ntchitoyo inkafuna intaneti yamphamvu ndi khadi ya kubanki, ndipo zonse ziwiri zinali kushopu. Fiza anafotokozera mayi Jayshree, iwo anavomera kuti azilipira ndi khadi yawo, Sabiha azingowabwezera. Chotsala chinali chakuti foniyo ituluke m'nyumba mwakabisira, ikwere minibasi, idutse padepoti yomwe ija.

M'mawa wake Sabiha anaikulunga m'mpango wake, naiika yekha pansi penipeni pa chikwama cha Fiza.

"Musakhale kuwindo, chonde. Ngakhale ilire musaitulutse."

"Ndamva, achemwali."

"Chikwamacho chizikhala pamiyendo."

Tsiku limenelo linali lalitali. Anatsuka mbale zotsukatsuka kale. Anasesa pabwalo kawiri. Akatseka maso ankangoona dzanja likulowa pawindo. Ataimbira Fiza masana, anamva kuti wafika bwino koma magetsi azima ku Limbe, ntchito yaima kaye. Sabiha anakhala pamkeka n'kumadikira.

Dzuwa litapendeka anamva kuodira pakhomo. Anali a Alidi. Minibasi yawo inali kugalaja, ndiye anati adzere kudzaona mlamu wawo ndi mwana. Anabweretsa shuga ndi buledi, anamunyamula Esha, anafunsa za moyo. Sanali munthu woipa, ndipo zimenezo zinkangowonjezera mantha a Sabiha. Atamwa tiyi anati:

"Alamu, tandipatsani foni ija ndione nambala ya bwana wawo wa kukampani. Akuluakulu akufuna timuitane ku sadaka."

Bodza linafika pakamwa, koma Sabiha anali pa eda, wongopemphera kumene, ndipo lilime linakana.

"Yatuluka, alamu."

"Yatuluka? Ili ndi miyendo?"

Anafotokoza zonse maso ali pansi. A Alidi sanakalipe. Anangoika kapu pansi mosamala, ndipo Sabiha akanakonda akanangokalipa.

"Mukudziwa zimene anthu anene akamva? Adzati mwayamba kuzembetsa katundu manda asanaume. Lero foni, mawa adzafunsa za china."

"Sindikufuna foniyo ayi. Ndikufuna mawu okha, chifukwa cha mwanayu."

"Mawuwo ndi amene ine sindikuwafuna," anatero a Alidi. "Achimwene anandilera ine. Ndikawamva akulankhula m'thumba mwanga, ndiyendetsa bwanji galimoto? Wopita timamupempherera kuti apume, alamu. Sitimudzutsa ndi chala."

Apo Sabiha anazindikira kuti nawonso ankaopa, kungoti aliyense ankaopa zake. Anakhala pakhonde awiriwo, wina uku wina uko, kudikira Fiza.

Fiza anafika kukuyamba kuda, chikwama atachikumbatira pachifuwa. Ataona a Alidi anaima pageti ngati wakuba. Foni inali bwinobwino. A Alidi anatambasula dzanja, naiika m'thumba la malaya.

"Akuluakulu sindiwauza," anatero. "Koma iyi sigonanso muno."

Atapita, Sabiha anamugwira Fiza pamkono.

"Zakwera?"

"Zina zakwera, achemwali. Magetsi anayaka mochedwa, ndiye madamu amatseka shopu. Sindinaone kuti zakwera ndi ziti. Bwerani titsegule pafoni yanga tione."

"Ayi."

"Bwanji?"

"Musatsegule. Ndidzaona ndekha ndikamaliza eda."

Fiza anadabwa, koma ife amene tinadikirapo zotsatira za kuchipatala tikumumvetsa. Malinga ngati sanatsegule, zonse zinali zikadalipo, ndi kanyimbo kaja komwe. Arubaini inachitika, katundu anagawidwa, ndipo mlungu womwewo a Alidi anaoneka ndi foni ija itavala chikuto chatsopano. Sabiha anangoiyang'ana kamodzi n'kudziwa kuti mulibenso munthu. Miyezi yotsalayo anaonda. Mwezi ukamatha ankatumiza ndalama ya lendi ija kwa mayi Jayshree masiku asanakwane, asanagule n'komwe makala, kulipirira chipinda chimene sankadziwa ngati muli kanthu.

Eda itatha, ulendo wake woyamba unali wa ku Limbe, Esha ali kumsana. Mayi Jayshree anam'patsa mpando kuseri kwa mipukutu ya nsalu, n'kubwerera kukauntala kuti asamuonerere. Fiza anatsegula pafoni yake, nam'patsa.

Choyamba chinali msewu. Chachiwiri msewu. Mbuzi, mlatho, thiraki yogubuduzika m'mbali mwa njira, mphepo ikuwomba mokuwa. Sabiha anapitiriza kutsika m'munsi ndi chala. Tsiku lija foni ya malemu inayambira kukweza zikuluzikulu zija, zomwe iye ankazitcha zopanda pake, ndipo nthawi inatha isanafike pa zofunika. Kanyimbo ka Esha kunalibe. Anafufuza kawiri, kunalibe. Anamva ngati akumuuzanso uthenga wa maliro.

Pansi penipeni panali uthenga umodzi wa mawu, waufupi. Anauyang'ana nthawi yaitali asanaudine.

"Amake Esha, ndili pa Mwanza, mzere ndi wautali lero. Musandidikire, idyani. Mwanayo mum'funditse, kukuzizira."

Unathera pomwepo. Sabiha anaudinanso, kenako anaphimba nkhope ndi mpango n'kulira kulira kumene sanalire tsiku la maliro. Fiza anadikira mpaka atatonthola, ndiye anayankhula mwanzeru, monga mnzako wokufunira zabwino.

"Achemwali, uthenga umodziwu ukwana pamalo aulere aja. Tifufute mavidiyo a msewuwa, musiye kulipira. Mukuvutika kale."

Sabiha anatenganso foniyo n'kutsegula vidiyo ya mbuzi ija, naiika pakhutu. Kuseri kwa mphepo ndi kulira kwa injini kunkamveka munthu akuimba mluzu. Mu ina munali kutsokomola. Mu inanso, kaphokoso kakang'ono ka munthu akuseka yekha.

"Musafufute kanthu," anatero.

Mpaka lero amalipira. Anzake a pageti la ku Makata amamuseka kuti ali ndi nyumba ziwiri, ina ya ku Chilobwe, ina yosaoneka. Ena amati n'kutaya ndalama, ndipo mwina kwa iwo n'zoona. Mantha sanamuthere. Amaopa kuti mayi Jayshree adzatseka shopu, amaopa kuti eni malo aja adzakweza mtengo, ndipo koposa zonse amaopa kuti iye akadzapita Esha asanakule, palibe adzakumbuke tsiku la lendi.

Mwezi ukatha amavala bwino, amam'sambitsa mwana, n'kukwera minibasi ya ku Limbe, kutali ndi windo. Akapereka ndalama, Fiza amawabwereka foni kuseri kwa nsalu kuja. Esha tsopano amayankhula bwino, ndipo uthengawo anauloweza. Amaigwira foniyo ndi manja awiri, amadikira bambo ake amalize kunena kuti musandidikire, idyani, kenako amayandikitsa pakamwa.

"Tadya kale, ababa," amatero. "Inu mwadya?"