Tambala kapena thadzi?

Mwachoma bwanji nonse.

Mailo tidzanyamuka kupita kumsonkhano wa mpingo ku Ndake, m'boma la Nyimba, masiku anayi m'misasa, kopanda filiji. Ine katswili wa zowelenga ndinalemba papepala: Lachinayi kapenta, Lachisanu mfutso wotendela, Loweluka nkhuku yoti tikazingiletu lelo.

Akazi anga, amake Tisa, atawelenga anaseka mpaka kukhala pansi. "A Tembo, ndi kutentha kwa ku Nyimba, nkhuku yanuyo ikafika Loweluka? Mufuna tikagone kuchipatala tonse? Tinyamule yamoyo, siwola."

Mabuku anga onse sanandiuzepo zimenezo.

Koma tatsala ndi nkhuku ziwili chabe. Thadzi langoyamba kuikila, ndipo tambala azikadzutsa abusa kusanache masiku atatu. Tipite ndi iti? Yankhani msanga, chingwe chili kale m'manja.