Dzina Lobwereka la Lenia

Chingerezi cha a Lenia a kwa Msakambewa chimaposa cha makalaliki ambiri a pa boma la Dowa, koma moyo wawo wathera kusoka fodya m'zigafa za eni. Ndikaganiza zimenezi mtima umandiwawa mpaka lero.

Tinaphunzira limodzi. Aphunzitsi athu a Sitandade 8, a Bonifasi, ankakonda mawu akuti "give up". Ankati tanthauzo lake n'kutaya mtima, kusiya chinthu panjira chifukwa chakulemera. Kuthawa mzere m'munda dzuwa likaswa mtengo, imeneyo ndi give up. Kusiya mowa nakonso ndi give up, koma yabwino, ngakhale eni akewo sanaiyesepo. "Lenia," ankakuwa, "never give up!"

Lenia anamvera. Masiku amenewo malo a ku sekondale anali ochepa, ndipo tinkamva kuti wobwereza kalasi sasankhidwa, choncho obwereza ankalemba mayeso ndi dzina lachilendo. Analemba ngati Lenia, anakhoza, osasankhidwa. Analemba ngati Faines, chimodzimodzi. Anzakefe tinakwatiwa iye akadali m'kalasi, mawondo akugunda desiki. Pomaliza anabwereka dzina la msuweni wake, Debora, amene anathawa sukulu kalekale n'kumangovina kumisonkhano ya chipani.

Dzina la Debora linatuluka. Mayi ake a Lenia analulutira mudzi wonse kumva, n'kuyamba kukazinga mtedza wa kamba wa paulendo. Mtedzawo usanazizire n'komwe, anatulukira malume ake a Lenia, a Andireya, bambo a Debora, amenenso anali tcheyamani wa chipani m'dera lathu.

"Dzina latulukalo ndi la mwana wanga," anatero. "Apita ndi Debora."

"Koma malume, mayeso ndalemba ndine."

"Chabwino, tiye ukawauze akuluakulu kuti unanamiza boma. Ndikuperekeza ndekha."

Lenia anathamangira kwa a Bonifasi, koma odziwa Chingerezi aja anangoyang'ana nsapato zawo. Amantha! Nawonso akuti ali ndi ana oti adye.

Debora anapita, wa milomo yopaka mafuta, osatha ngakhale kulemba tsiku pamwamba pa tsamba. Teremu isanathe anabwerako, akuti nyemba za kumeneko zimamupweteka m'mimba, ndipo malo aja anangotsala opanda munthu. Amene malume anamutuma kukamuchingamira kumsewu n'kumusenzera sutikesi kukwera nayo phiri anali Lenia.