Mliri Umene Sunafike ku Chimaliro

Komiti ya alimi a tiyi a minda ing'onoing'ono ku Chimaliro inalengeza, pa chimkuzamawu chomangirira panjinga, kuti Lachinayi kubwera akatswiri awiri ochokera ku Blantyre kudzatsegula anthu m'maso pa nkhani ya masheya a m'makampani, ndipo aliyense abwere atasamba.

Mayi Anesi Muhiwa anasamba. Koma anayamba kaye athyola tiyi, poti mvula inali itagwa bwino ndipo nsonga zinali zitaphuka. Tiyi sadziwa za misonkhano. Mayiwa anabadwira m'malaini, nyumba za antchito a paesiteti ya tiyi, ndipo anabereka dengu asanabereke mwana. Zala zawo zinada ndi kung'aluka kalekale moti sopo anataya nazo mtima. Malemu amuna awo, a Zakeyu, amene anali mlonda wa fakitale, anawasiyira kamunda ka tiyi ndi nyumba yodontha pamene pali bedi penipeni. Masamba a tsikulo, ochuluka kuposa ena onse chaka chimenecho, ndiwo anali oti amalizitse kugula malata.

Mayi Anesi anatula matumba awo kushedi yoyezera masamba. Kunalibe kalaliki, kunalibe thirakitala yokatula masamba kufakitale. Zonse zinali kumsonkhano. Tsono tiyi wothyola ngati sanafike kufakitale tsiku lomwelo, amatentha yekha m'thumba, n'kufiira, n'kusanduka manyowa. Anasiya matumbawo pomwepo n'kulowera kumsonkhanoko.

Katswiri woyamba, bambo Elliot, anaima ndi nkhope ya pamaliro. Anati maiko ena kwabuka mliri woopsa: mitengo ya zinthu ikutsika. Ikatero anthu amaleka kugula podikira kuti mawa itsikanso, makampani amagwa, masheya n'kugwera pomwepo. Ali nawo agulitse msanga. Mnzawo, mayi Pearl, anaseka mwaulemu nati akuluwa ndi amantha, ino ndiyo nthawi yogula. Anakangana mokoma, akutchulana madigiri, pamaso pa anthu amene chiyambire sanaonepo chinthu chikutsika mtengo kupatula masamba awo omwe.

"Asisi," ananong'ona a Magdalena, oyandikana munda ndi mayi Anesi, "mliri akunenawu ufika liti kuno? Ndikufuna uyambire kwa ine."

"Watsikira ku Limbe," anatero mayi Anesi. "Thiransipoti yaukanika."

Dzuwa litafika pamutu, mtima unawakana mayi Anesi. Anakagwada pafupi ndi wapampando wa komiti, a Dickson, amene ankagwedezera mutu akatswiri onse awiri mofanana.

"Pepani bambo, thirakitala ija? Masamba akupsa kushedi."

"Mayi, muziganiza ngati eni chuma," anatero a Dickson motsitsa mawu. "Thirakitala ndi imene yabweretsa mipandoyi. Ichoka bwanji anthu adakali pamipando?"

Mayi Anesi anabwerera pamalo pawo. Anayang'ana mpando umene anakhalirawo ngati mbale imene wanyambita galu, ndipo anakhala pansi pafumbi.

Akatswiri anamaliza osagwirizana, nawomberedwa m'manja, napatsidwa mapaketi a tiyi. Potseka, a Dickson analonjeza kuti posachedwa mlimi aliyense adzakhala ndi masheya m'fakitale, ndipo tsamba la mlimi silidzagonanso pashedi.

Madzulo mayi Anesi anapisa dzanja m'thumba limodzi. Munali motentha ngati m'khwapa mwa mwana wa malungo, ndipo fungo linali litayamba kale.

Thirakitala inafika Lachisanu masana, itabweza kaye mipando kutchalitchi. Kalaliki anakana matumba onse.