Zala Ziwiri za Atate

Atate ankagwira ntchito pa makina odula malata ku Industrial Area, ndipo Lamlungu ankaimba gitala kutchalitchi kwathu ku Kanyama. Nsonga za zala zawo zakumanzere zinali zolimba ngati chikopa cha nsapato chifukwa chopanikiza mawaya. Ndili wamng'ono ndinkazikanda ndi chikhadabo, iwo n'kumati sakumva kanthu.

Ndinali giredi naini. Tsiku lina nditaweruka masana ndinapeza mnzawo wa atate wa kuntchito ataima pakhomo, ovolosi yake ili magazi okhaokha. Ankauza amai kuti makina adula atate zala ziwiri zakumanzere, chamkombaphala ndi chapakati, ndipo awatengera kale kuchipatala. Kenako anatulutsa kachitini kamene atate ankanyamuliramo chakudya. Anati zalazo zili mmenemo, anazitola msanga anthu asanazione, chifukwa pakampani pamadutsa anthu ambiri, ena ofuna zinthu zotere kuti akapangire mankhwala a bizinesi.

"Ba mulamu, sungani bwino ivi vinthu," anatero. "Osaonetsa munthu."

Amai anamuthokoza atagwada. Kwathu chiwalo cha munthu sichitayidwa kudzala kapena kusiyidwa m'manja mwa anthu osawadziwa. Chimakwiriridwa.

Nthaka ya ku Kanyama ndi miyala. Tinakumba kuseri kwa nyumba ndi mpeni ndi supuni, amai akuyang'anayang'ana ngati aneba akutiona. Kachitini analephera kukatsegula, ndinatsegula ine. Zalazo zinali zazing'ono kuposa mmene ndinkazidziwira, zotuwa, m'zikhadabo muli girisi. Ndinazikulunga m'kansalu kanga kopukutira thukuta. Amai anapemphera mwachidule, tinakwirira, n'kuikapo mwala.

Kuchipatala tinafika dzuwa litapendeka. Atate anali m'tulo chifukwa cha jekeseni. Nesi anatiitanira pakhonde n'kufunsa kuti zala zili kuti. Amai anayankha kuti sakudziwa. Nesi anati dokotala wakhala akuzifunsa chibwerere atate, chifukwa makinawo anadula mosaphwanya mafupa, ndipo zikanabwera msanga zili m'pulasitiki pa ayisi akanayesa kuzilumikiza. Sanalonjeze kuti zikanatheka. Anangoti akanayesa.

Amai ananditsina pamkono osandiyang'ana. Ndinamva, ndinathamangira minibasi.

Nditafika kunyumba ndinafukula ndi manja mpaka chikhadabo chinathyoka. Ayisi ndinapempha kwa mayi wogulitsa mafirizi, tizakumwa toundana ta m'timapulasitiki, pafupi ndi kwathu, ndinanama kuti amai akumva mutu. Njira yonse ndinafumbata pulasitiki pamiyendo, madzi akudontha pa yunifomu. Dokotala anatambasula kansalu kaja, anaona dothi ndi nyerere, n'kukapindanso bwinobwino. Anati nthawi yapita, ndipo bala alisoka kale. Sanandikalipire. Anandibwezera ndi manja awiri.

Tinazikwiriranso m'dzenje lomwelo. Amai akusamba m'manja anati atate asadzamve zimene nesi ananena, pakuti munthu angapirire zimene makina amuchita, koma osati zimene am'chita a m'nyumba mwake. Ndinazilemba zonse m'buku langa, kenako ndinang'amba tsambalo n'kuliotcha pambaula.

Atate atatuluka m'chipatala, ntchito yotsuka bala inali yanga. Ndinkaviika thonje m'madzi a mchere n'kumapukuta pang'onopang'ono pamene panali ulusi. Atate ankati chala chapakati chikuwayabwa kunsonga, amafuna kukanda, apeza palibe. Gitala anauza anyakwaya kuti adzatenge.

Tsiku lina ndikumanga bandeji anandifunsa motsitsa mawu, "Mwana wanga, vala vanga vinayenda kuti?"

Ndinati tinakwirira kuseri kwa nyumba.

"Palibe anavigwira?"

"Palibe, atate."

Anapuma mpweya wautali. Anati chinthu chimenechi chinkawasowetsa mtendere kuposa ululu, kuganiza kuti zala zawo zili pansi pa kauntala ya munthu wina zikukoka makasitomala. Anayamikira mnzawo uja kuti ndi munthu wanzeru, m'bale weniweni. Ine ndinaweramira bandeji, ndikumanga mfundo imene ndinali nditamanga kale.

Loweruka lotsatira atate anati tipite ku George, kumene mnzawoyo ankakhala, tikamuthokoze. Amai anati ali ndi zochapa zambiri. Ndinapita ndine, nditanyamula nkhuku chifukwa atate sakanatha kuigwira. Bamboyo anatilandira mosangalala, anafotokozanso mmene anabisira kachitini m'ovolosi alonda osaona, ndipo atate anaseka koyamba chivulalire. Atandiuza kuti ndipereke nkhuku, ndinagwada n'kupereka.